Chitupa, chiphaso cha usiku ndi laisensi: malamulo a atsamunda amene anaumba Lusaka

Agogo anga aamuna atamwalira ku Matero, mu Lusaka, tinapeza kachitini ka masikono pansi pa sutikesi yawo. Munalibe ndalama. Munali malisiti atatu a msonkho, kachitsulo kozungulira kolembedwa nambala, ndi pepala lopindidwa kanayi limene m'mbali mwake munali mutadyeka ndi thukuta. Amayi analitambasula mosamala n'kunena kuti, "Ichi ndi chitupa cha atate." Kachitsulo kaja kanali laisensi ya njinga, yomangirira poonekera kuti wapolisi aione asanakuimitse n'komwe.

Agogowo anachoka kummawa ali mnyamata kudzafuna ntchito. Kuti akhale m'tauni pankafunika pepala. Kuti ayende usiku pankafunika lina. Njinga inali ndi lake, galu lake, mfuti lake, ndipo mkazi wawo kuti awatsatire pankafunikanso kalata ya ukwati. Mowa wokha unali ndi malamulo okwana buku. Zonsezi zinalembedwa ndi mitu yooneka yabwino: bata, ukhondo, chitetezo cha anthu. Ndipo zina mwa izo zinkatetezadi anthu. Koma ukawerenga malamulowa pamodzi umapeza kuti anamangidwa pa maganizo amodzi, akuti munthu wakuda m'tauni ndi mlendo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Boma la atsamunda linatenga mwambi wolimbikitsa kuchereza alendo n'kuusandutsa ndondomeko: ubwere, ugwire ntchito, ukatha mphamvu ubwerere kwanu. Amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene Lusaka ali ndi mayadi ndi makomboni, kapena chifukwa chimene wogulitsa tomato amathawa akaona galimoto ya khonsolo, ayambire pamenepa.

Poyamba dziko lino la Zambia silinkalamulidwa ndi boma la Britain mwachindunji. Linali m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Kummawa kwathu kampaniyi inakhazikika itagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, n'kumanga likulu lake ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Dziko linali logawidwa pawiri, North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia, mpaka mu 1911 pamene analiphatikiza n'kulitcha Northern Rhodesia, likulu lili ku Livingstone. Kampani imafuna phindu, ndipo lamulo loyamba limene munthu wakumudzi analimva m'thupi linali la msonkho wa nyumba. Kummawa unayamba ndi mashiling'i atatu pa chaka. Ndalamayo sinkamera m'munda. Kuti uipeze unkayenera kukagwira ntchito kwa mzungu, m'minda ya fodya ya ku Fort Jameson, ku Salisbury (lero Harare), ku migodi ya Wankie (lero Hwange) kapena ku Joni. Choncho msonkho unkagwira ntchito ziwiri, kudzaza thumba la kampani ndi kutulutsa amuna m'midzi. Malamulo ambiri amene anabwera pambuyo pake anali ofuna kuwongolera anthu omwewa amene msonkho unawatulutsa.

Malamulowo sanapangidwe kuno. Ena anatengedwa ku England momwe analili, moti mpaka lero mabuku athu a malamulo amatchula tsiku la 17 Ogasiti 1911 ngati malire: malamulo a ku England amene ankagwira ntchito pa tsikulo akhoza kugwiranso ntchito kuno ngati palibe lathu lowaloŵa m'malo. Ena anakopedwa ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) ndi ku South Africa, kumene azungu anali atazoloŵera kale kuyendetsa anthu akuda ndi mapepala. M'masiku a kampani lamulo linkangolengezedwa kuchokera pamwamba. Pa boma, mzungu mmodzi yemweyo ndiye ankatolera msonkho, kutumiza amesenjala kukagwira wolephera kulipira, n'kukhalanso pampando kumuweruza.

Pali chinthu chimodzi apa chimene ife olankhula Chinyanja sitiyenera kuchilambalala. Malamulowa analembedwa m'Chingerezi, koma anthu ambiri anawamva m'chilankhulo chathu. Apolisi ndi asilikali a Northern Rhodesia ankalankhulana m'Chinyanja, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera kummawa ndi ku Nyasaland (lero Malawi). Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Chinyanja chinamera mizu mu Lusaka, mzinda umene uli pa nthaka ya Asoli. Wofunsa kuti "chitupa chili kuti?" ndi woyankha monjenjemera nthaŵi zambiri anali anthu a kumudzi kumodzi.

Mu 1924 kampani inapereka dziko ku boma la Britain, ndipo bwanamkubwa woyamba anali Sir Herbert Stanley. Panakhazikitsidwa bungwe lopanga malamulo, koma munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi; oyamba analoŵamo mu 1948. Kenaka pakati pa 1927 ndi 1931 malamulo anagwa ngati mvula ya mu Januwale. Mu 1929 mokha munatuluka lamulo la matauni, la mapulani a matauni, la kalembera wa anthu akuda, la kulemba ntchito anthu akuda, la mafumu ndi makhoti awo, ngakhale la agalu. Mu 1930 munabwera la zaumoyo ndi la mowa wachikuda. Buku lalikulu la milandu, Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1931. Chinachititsa changu chonsechi ndi mkuwa. Migodi ya ku Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inali ikutsegulidwa, anthu zikwizikwi akukhamukira ku njanji, ndipo boma linafuna zingwe zowagwirira.

Nthaŵi imeneyo Lusaka anali kamudzi ka alimi achizungu. Anayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka sitima, dzina analitenga kwa mfumu Lusaaka, ndipo mu 1913 anapatsidwa kabungwe koyang'anira mudzi, kamene ndi kholo la khonsolo ya lero. Mu 1931 boma linasankha malowa kuti akhale likulu latsopano, ndipo linasamuka ku Livingstone mu 1935. Pulani yoyamba anajambula ndi Pulofesa Stanley Adshead wa ku London, amene ankafuna mzinda wa mitengo ndi misewu yotakata. Azungu ndi maofesi a boma anapatsidwa kumtunda, ku Ridgeway, kumene madzi a mvula amatsetsereka. Kumadzulo kwa njanji, kumene kuli thanthwe la laimu ndipo madzi ali pafupi ndi nthaka, kunasiyidwa. Antchito akuda anawamangira tinyumba tozungulira ta udzu, chipinda chimodzi, poganiza kuti wokhalamo ndi mwamuna yekha wosiya banja kumudzi. Tina mwa tinyumbato tikadalipo pa Kabwata Cultural Village. Mukapitako kukagula ziboliboli, loŵani m'kamodzi muone ngati mungagonemo ndi ana anayi.

Tsopano chitupa. Lamulo la kalembera la 1929 linkati mwamuna wakuda wokhala kapena wogwira ntchito m'madera a njanji ayenera kukhala ndi pepala lomuzindikiritsa. Pa cha agogo panali dzina lawo, mudzi, mfumu ndi boma lakwawo, ndiponso malo amene wolemba ntchito ankasainapo, tsiku loyamba ndi tsiku losiya. Pepala limodzi linkauza wapolisi zonse: ndiwe yani, kwanu n'kuti, msonkho unalipira kapena ayi, uli pa ntchito kapena ukungokhala. Ndipo lamulo la ntchito linkachititsa kuti kuthawa bwana mgwirizano usanathe ukhale mlandu wa kupolisi, woti munthu n'kumangidwa nawo. Bwana wankhanza ankangokana kusaina, basi, iwe sungalembedwe kwina. Mawu akuti chitupa tikuwagwiritsabe ntchito, koma chiphaso cha dziko chimene timanyamula lero n'chosiyana kwambiri: chathu chimanena kuti ndife eni dziko, chijachi chinkanena kuti uli pano mwachilolezo.

Usiku unali ndi malamulo ake. Ikakwana 9 koloko, munthu wakuda wopezeka m'misewu ya tauni ankafunika kuonetsa kalata ya bwana wake yonena kumene akupita. Mlendo wochoka kumudzi ankafunika chilolezo chogonera m'komboni, cha masiku oŵerengeka. Apolisi a komboni ankagogoda m'bandakucha kufufuza ogona opanda mapepala. Agogo aakazi ankasimba za mchimwene wawo amene anabwera kudzaonetsa mwana kuchipatala, n'kugona usiku wonse m'munda wa chimanga kuseri kwa nyumba chifukwa kunamveka kuti kukhala chipikisheni. Akazi ndiwo anavutika koposa. Mafumu, amene lamulo la 1929 linawapatsa mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono, ankaletsa mkazi kuchoka m'mudzi popanda kalata, ndipo makhoti a anthu akuda a m'tauni ankabweza kumudzi akazi opezeka opanda umboni wa ukwati. Pano sitinganene kuti ndi azungu okha. Akuluakulu akumudzi nawonso ankafuna kuti akazi asachoke, chifukwa mkazi akatsala mwamuna amatumiza ndalama ndipo amabwerera.

Nyumba inali yomangiriridwa ku ntchito. Lamulo linkati wolemba ntchito apezere wantchito wake pogona, ndiye ntchito ikatha, nyumba yathanso tsiku lomwelo. Koma anthu ankachulukabe kuposa nyumba, ndipo sanali mame. Azungu okhala ndi mafamu m'mphepete mwa mzinda anaona mpata, nayamba kubwereketsa timalo kuti anthu amange zisakasa n'kumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo lamulo la 1939 la makomboni a pa malo a eni linavomereza zimenezi. Makampani omanga nawonso ankasunga antchito awo m'misasa, ntchito ikatha anthu osachoka. N'chifukwa chake makomboni athu ambiri ali ndi maina a anthu: George, John Howard, John Laing, Marrapodi. Marrapodi anali Mtaliyana wootcha laimu, ndipo Chawama kale ankatchedwa Roberts. Popeza malowa anali kunja kwa malire a khonsolo, khonsolo inalibe udindo wobweretsa madzi, misewu kapena ngalande. Lamulo la 1948 ndilo linayamba kuvomereza kuti wantchito akhoza kukhala ndi banja m'tauni, ndipo Matero ndi Chilenje anakula kuchokera pamenepo. Makomboni enawo anadikira mpaka 1974, patatha zaka khumi tili pa ufulu, kuti lamulo liwazindikire ngati malo okhala anthu.

Nkhani ya mowa ndiyo imaonetsa bwino mmene laisensi inkagwirira ntchito, ndipo ndi imene agogo aakazi ankaisimba akukwiya ngati zachitika dzulo. Kuyambira pa mgwirizano wa ku Brussels wa 1890, maiko a ku Ulaya anagwirizana zoletsa kugulitsa mowa waukali kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa. Kuno kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa wachizungu wa mtundu uliwonse, ngakhale akhale mphunzitsi kapena kalaliki wovala tayi. Unatsala ndi mowa wamasese. Koma nawonso boma linaugwira. Linatengera njira imene mzinda wa Durban unayamba mu 1908: khonsolo yokha ndiyo ifulule ndi kugulitsa mowa m'tauni, m'nyumba yake ya mowa, pa maola ake, ndipo wina aliyense wofulula kuti agulitse wapalamula.

Chifukwa chimene ankapereka chinali bata ndi ukhondo. Ankati mowa wa m'nyumba umabweretsa ndewu, umajombetsa anthu ku ntchito Lolemba, ndipo ena amathiramo zinthu zoopsa. Sizinali zabodza zonse. Kachasu wotchezedwa mosasamala wapha anthu ndipo akuphabe. Koma taonani kumene ndalama zinkapita. Phindu la m'nyumba za mowa ndilo linkalipira zinthu za m'makomboni a khonsolo: holo, bwalo la mpira, kakiliniki, nyale za mumsewu. Kunena kwina, anthu akuda ankadzilipirira okha chitukuko chawo kudzera m'chipanda, kuti msonkho wa azungu a m'mayadi usakhudzidwe. Komboni ikafuna kiliniki, amuna ake amwe kwambiri. Ine ndimaona kuti pa malamulo onse a nthaŵi ija, ili ndilo linali lochenjera moipa kwambiri, chifukwa linachititsa kuti khonsolo ikhale ndi chidwi choti anthu aziledzera.

Ndipo amene analandidwa chakudya pakamwa anali akazi. M'tauni momwe ntchito zolembedwa zinali za amuna, ngakhale yophika ndi yochapa m'nyumba za azungu, kufulula ndiyo inali njira imene mkazi akanapezera ndalama yakeyake. Agogo ankafulula mowa wa masiku asanu ndi awiri. Chimera ankayanika padenga la chimbudzi, mgolo ankaukwirira m'dzenje kuseri kwa khitchini n'kuphimba ndi lata ndi dothi, pamwamba n'kuikapo nkhuni. Apolisi ankabwera ndi ndodo zachitsulo zosongoka, kumabaya pansi pabwalo ponse mpaka imveke kuti ngwee. Akaupeza ankautaya pomwepo, mwini wake n'kumusenzetsa mgolo wopanda kanthu mpaka ku polisi, kuti komboni yonse ione. Faindi inkadya phindu la mwezi. Sabata yotsatira ankavikanso chimanga, chifukwa fizi ya sukulu ya amayi anga inkachokera mumgolomo. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 amayi a mu Lusaka anaguba kupita ku boma kukana chiletso chimenechi, ndipo mu 1957 chipani cha kuno cha African National Congress chinatsogolera anthu kunyanyala nyumba za mowa za khonsolo. Ndale za ufulu zinaloŵa m'makomo ambiri kudzera pa nkhani ya mowa, msonkhano wa chipani usanafike.

Malonda ena nawonso anali ndi mipanda yake. Mzinda unagawidwa m'malo a malonda a kalasi yoyamba, ndiwo Cairo Road wa masitolo a azungu, ndi a kalasi yachiwiri ku Kamwala, kumene amwenye ankagulitsa kwa anthu akuda. Munthu wakuda ankapatsidwa laisensi ya kasitolo m'komboni, kapena benchi mumsika wa khonsolo, kapena chilolezo choyenda ndi katundu pa njinga. Kugulitsa pena paliponse unali mlandu. M'masitolo ambiri a azungu munthu wakuda sankaloŵa pakhomo, ankagulira pa kawindo kam'mbali, ndipo m'mabutchala ankapatsidwa nyama yokulungidwa kale imene sanaione. Izi zinali mwambo wa eni masitolo umene boma linkaulekerera, ndipo mu 1954 anthu a mu Lusaka ananyanyala mabutchala chifukwa cha zimenezi. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi m'makanema linabwera mochedwa, mu 1960.

Laisensi ya galu ndi ya njinga ndi zazing'ono, koma zinkafika pakhomo lililonse. Ya galu inali ndi chifukwa chomveka, chiwewe. Aliyense amene anaonapo mwana wolumidwa ndi galu wachiwewe sangatsutse lamulo lokakamiza katemera. Ya njinga inali ndalama chabe.

Apa ndiyenera kunena chilungamo pa lamulo la zaumoyo la 1930. Linapatsa akuluakulu mphamvu zolengeza mliri, kupatula odwala, kutseka malo ogulitsa chakudya chauve, kuyendera nyama yophedwa, kukakamiza katemera wa nthomba ndi kugwetsa nyumba zoopseza moyo. Mzinda uliwonse padziko umafunika mphamvu zoterezi. Vuto linali kagwiritsidwe kake. Kwa mzungu ukhondo unkatanthauza mpopi, ngalande ndi galimoto yotola zinyalala. Kwa munthu wakuda unkatanthauza woyendera wobwera ndi samani. Maganizo a madokotala a atsamunda nthaŵi imeneyo anali akuti njira yotetezera azungu ku malungo ndi matenda ena ndi kusiya mpata waukulu pakati pa nyumba zawo ndi za anthu akuda. Choncho mawu akuti ukhondo anakhala chifukwa chovomerezeka chopatulira mitundu. M'makomboni a khonsolo munali zimbudzi za ndowa zogwiritsa mabanja ambiri, m'makomboni a pa mafamu munalibe chilichonse. Lamulo linkalanga munthu chifukwa cha uve umene boma lomwelo linakana kuwononga ndalama kuti uchoke.

Mu Penal Code muli zigawo zonena za anthu osagwira ntchito ndi osokoneza, ndi za anthu oyendayenda okayikitsa. Mizu yake ili m'lamulo la ku England la 1824, lopangidwira osauka ndi asilikali otsala pa nkhondo amene ankapempha m'misewu ya London. Ofesi ya atsamunda inakonza buku limodzi la milandu n'kuligaŵa ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Nyasaland ndi kuno cha pa nthaŵi imodzimodzi, n'chifukwa chake mawu ake amafanana m'maiko onsewa. Mphamvu ya zigawozi ili pa kusamveka kwake. Sizifuna kuti munthu abe kapena amenye wina. Zimangofuna kuti wapolisi aganize kuti munthuyo ali pamalo popanda chifukwa chabwino. Amene anakulira m'komboni amadziŵa shishita, kusesa kwa usiku kumene kumatenga woledzera, wochoka ku ntchito mochedwa ndi wopita kukagula mankhwala, onse m'galimoto imodzi. Sindinamvepo kuti shishita yasesa anthu kumayadi a ku Kabulonga. Ku Malawi, wogulitsa majumbo wina, Mayeso Gwanda, anagwidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake, ndipo anakatsutsa chigawo chotere ku khoti lalikulu. Mu 2017 khotilo linagamula kuti chigawocho n'chosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Mu Disembala 2020 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, la ku Arusha, linapereka maganizo ake kuti malamulo a mtundu umenewu amalanga umphawi ndipo maiko awachotse.

La ufiti la 1914 ndingolikhudza pang'ono. Linaletsa kumwetsa mwabvi, ndipo pamenepo linapulumutsa miyoyo. Linaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti, zimene anthu akumudzi anaziona ngati boma likuteteza mfiti. Likugwirabe ntchito: mu 2025 khoti la mu Lusaka linaligwiritsa ntchito pogamula anthu awiri oimbidwa mlandu wofuna kulodza mtsogoleri wa dziko.

Malamulo oletsa misonkhano anabwera mochedwerapo, anthu atayamba kuyankha. Mu Meyi 1935 boma linakweza msonkho wa m'migodi kuchoka pa mashiling'i 12 ndi theka kufika pa 15, antchito ananyanyala, ndipo apolisi anapha anthu asanu ndi mmodzi ku Roan Antelope. Boma linaloza chala mabuku a Watch Tower n'kuwaletsa. Mu 1940 anthu 17 anafa pa sitalaka ya ku Nkana. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakakamizidwa pa anthu mu 1953, zingwe zinamangitsidwa. Kumayambiriro kwa 1955 atsogoleri a African National Congress, Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda, anamangidwa miyezi iwiri chifukwa chopezeka ndi mabuku oletsedwa, ndipo chaka chomwecho kunatuluka Public Order Ordinance, lamulo limene pambuyo pake linkafuna chilolezo cha polisi munthu asanachititse msonkhano kapena kuguba. Mu Malichi 1959 bwanamkubwa Sir Arthur Benson analetsa chipani chatsopano cha Kaunda, Zambia African National Congress, iyeyo n'kutumizidwa kutali ku Kabompo. Mu 1960 kunabwera lamulo lina la chitetezo lolola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu.

Pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene tinalandira ufulu, malamulowa sanapite ndi mbendera ya atsamunda. Malamulo a ufulu ananena kuti malamulo onse amene analipo apitirire, ndipo dzina lakuti Ordinance linangosinthidwa kukhala Act. Panali chifukwa chomveka: dziko silingadzuke m'mawa lopanda lamulo la kuba kapena la mliri, ndipo maloya akuda anali oŵerengeka pa zala. Zigawo zotchula mtundu wa munthu zinachotsedwa, chitupa ndi chiphaso cha usiku zinatha, munthu anayamba kuyenda ndi kukhala kumene afuna. Umenewo unali ufulu weniweni, ndipo Lusaka anakula mofulumira chifukwa cha iwo. Koma zida zogwirira anthu zinasungidwa, ndipo boma lililonse lazipeza zothandiza. Ulamuliro wa pangozi umene unalengezedwa mu Julayi 1964 unakhalapo mpaka 1991. Lamulo la misonkhano linagwira otsutsa boma la UNIP, chipani cha Kaunda chimene chinalamulira dziko litalandira ufulu, kenaka linagwira a UNIP eni ake. Pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake asanu ndi awiri, mmodzi mwa oimbidwa mlandu wosonkhana popanda chilolezo anali Kaunda, atachoka pampando. Mu Januwale 1996 khoti lalikulu kwambiri linagamula kuti kufuna chilolezo cha polisi n'kosemphana ndi ufulu wosonkhana. Nyumba ya malamulo inasintha mawu kuti anthu azingodziŵitsa apolisi masiku angapo msonkhano usanachitike, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake apolisi anapitiriza kutenga chidziŵitsocho ngati pempho loti akhoza kulikana.

Zonsezi ndinaziona zitakumana pamodzi mu Januwale 2018. Kolera inali itayamba mu Okutobala, ndipo pomatha inapha anthu oposa 100. Boma linatsegula lamulo la zaumoyo lomwe lija la 1930. Sukulu zinachedwa kutsegulidwa, misonkhano inaletsedwa, asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium, ndipo ku komboni ya Kanyama anthu analamulidwa kukhala m'nyumba kuyambira 6 koloko madzulo. Ine ndinali mmodzi mwa oyamikira kuona Cairo Road ndi Lumumba zitayera, ndipo sindikukayika kuti kuchitapo kanthu kunapulumutsa anthu. Koma Kanyama ali pa thanthwe la laimu lomwe lija limene ojambula mzinda analikana, kumene chimbudzi chokumba ndi chitsime zimamwerana madzi pansi pa nthaka. Amene anauzidwa kuti asatuluke usiku ndi zidzukulu za amene ankafunsidwa chiphaso cha usiku, ndipo ambiri a iwo madzi ankagulabe pa chigubu. Mlamu wanga wina, amene ankagulitsa vitumbuwa pafupi ndi siteshoni ya mabasi, anakhala milungu ingapo osagulitsa. Sanatsutse zoti kolera ndi yoopsa. Ankangofunsa kuti ndalama ya tikiti imene wakhala akulipira tsiku ndi tsiku inamanga chimbudzi chiti.

Mu 1961, pa nthaŵi ya zionetsero zomenyera ufulu zotchedwa Cha Cha Cha, anthu zikwizikwi anasonkhanitsa zitupa zawo n'kuzitentha poyera, makamaka kumpoto ndi ku Luapula, podziŵa kuti akhoza kumangidwa. Tsiku lija la kachitini ndinafunsa amayi chifukwa chimene cha agogo chinapulumukira, popeza ndinkamva kuti anali ndi khadi la chipani ndipo sankaphonya misonkhano. Amayi anati usiku wina anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kutolera zitupa, agogo anatuluka nacho m'manja, anaima pakhomo nthaŵi yaitali, kenaka anabwerera nacho m'nyumba. Nyumba ya ku Matero lendi yake inkalipidwa ndi kampani imene ankagwirako ntchito, ndipo mkatimo munkagona ana asanu ndi mmodzi. Amayi anachipinda kanayi momwe chinalili, n'kuchibwezera m'chitini pamodzi ndi kachitsulo ka njinga.